Mahari Anga Anali Wotchi

1

Pa dzanja langa lamanzere pali wotchi yachimuna. Lamba wake ndi wamkulu, moti ndinachita kuboola kabowo kena ndi msomali kuti indikwane. Odwala kuchipatala komwe ndikugwira ntchito amakonda kundifunsa kuti, “Anamwino, imeneyo ndi ya abambo kunyumba?” Ine ndimangoseka, n’kuwagwira pamkono kuti ndiwerenge kugunda kwa mtima. Sikuti ndimabisa ayi. Yankho lake ngakhale ine mwini sindilidziwa bwino.

Dzina langa ndine Shamsiya, kwathu ndi ku Nkhotakota, kumtunda kolima mpunga ndi chinangwa. Bambo atamwalira, ang’ono awo a Abdul Hamid, amene akhala akusoka zovala ku Lusaka kwa zaka makumi atatu, anandiitana kuti ndikaphunzire unamwino kumeneko. M’mudzi monse munamveka kuti Shamsiya akupita kunja. Ena ankafunsa ngati ndikwere ndege. Ndinakwera basi yodzera ku Mchinji, nditakhalira thumba la mpunga.

Koma ndisananyamuke, mayi anandimanga chingwe kumwendo ngati nkhuku yachilendo. Anavomera chitomero cha Latif, mwana wa mwini chigayo. Latif sanali munthu woipa. Ndinacheza naye kawiri, ndipo maulendo onse awiri ankadandaula za kukwera mtengo kwa dizilo. Pangano linali lakuti ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, idzamangidwa pa tchuthi cha Disembala m’chaka changa chachiwiri. Akwawo anali atanena kale kuti mkazi wa pakhomo pawo sangamakasambitse amuna a eni kuchipatala. Ndiye kuti tsiku la ndowa, sukulu nayo idzathera pomwepo.

2

Ku Kabwata, kunyumba kwa bambo aang’onowo, mayi aang’ono a Kuluthumu ankandisunga ngati dzira. Malo amodzi okha omwe ankandilola kupita Loweruka anali nyumba yosungiramo zinthu zakale.

“Kumeneko pita,” ankatero. “Kulibe mowa, kulibe gule. Kuli zakufa zokhazokha.”

Anandiperekeza koyamba ndi Chipego, mnzanga wa m’kalasi, mwana wa ku Woodlands, wopemphera wa Sabata. Tsiku limenelo anachita kuthawa mapemphero amasana. Titakwera m’chipinda cham’mwamba ndinaima kakasi. Mtondo, musi, lichero, nkhokwe, zonse zaikidwa mwaulemu, anthu ovala bwino akuzijambula. Zinthu zomwe ndinazithawa kumudzi zinali zitanditsogolera ku Lusaka, ndipo kuno munthu sankaloledwa kuzigwira.

Pafupi nafe panaima mnyamata wamtali, akufotokozera ana a sukulu molimba mtima.

“Iyi ni ng’oma ya makolo,” anatero. “Chikumba chabe ndiye chinachoka.”

Ndinayesa kudzigwira, koma phwete chinandipulumuka.

“Achimwene, umenewo ndi mtondo.”

Ana aja anafa nacho chiseko. Iye anandiyang’ana, n’kuyang’ana mtondo, kenako anavula kapu.

“Awe, nagwa. Ba sisi, ndimwe ba kuti?”

Ameneyo anali Ayuba, wophunzira zauphunzitsi, mnzake wa Chipego ku gulu la zisudzo. Agogo ake anachokera ku Mangochi, koma iye anabadwira ku Chelstone ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Lachisanu ankaswali mumzikiti womwewo wa bambo aang’ono. Anandipempha kuti ndizimuphunzitsa Chichewa chenicheni, chimene iye ankachitcha “chija cha pansi.”

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndinkapita kukaona zakufa zija. Mayi aang’ono ankauza anzawo kuti mwana wa mlamu wawo amakonda mbiri yakale koopsa.

Miyezi isanu ndi itatu tinazungulira mtondo umenewo. Ayuba ankandigulira zitumbuwa, ankandiperekeza mpaka pokwerera minibasi. Za Latif ndinamuuza. Anangoti, “Oho,” n’kuyamba kuwerenga chikwangwani chofotokoza za makasu. Mawu omwe ndinkawadikira sanawatulutse. Ndipo Disembala ankayandikira ngati mvula yoyamba, denga lisanafoleredwe.

3

Mu Okutobala Chipego analemba sewero. Nkhani yake inali ya mtsikana wakumudzi wokwatiwa ndi wamalonda wa m’tauni, amene atalemera anamutaya. Ayuba anatenga mbali ya mwamunayo. Ine anandinyengerera kuti ndikhale mkaziyo, poti kusenza mtsuko ndinkakudziwa kale. Mtsikana wa m’seweromo tinangomusiyira dzina langa lomwe, chifukwa ndinali wachilendo pa zisudzo, ndipo akandiitana dzina lina sindinkatembenuka.

Mayi aang’ono anakana. Koma bambo aang’ono atamva kuti sewero likachitikira mu holo yeniyeni ya zisudzo, ya makatani ofiira, ndiponso kuti dzina la wosoka zovala lidzalengezedwa, anati mwana aphunzire kuyankhula pagulu.

Lachiwiri masana tinapita ku shopu yawo, kufupi ndi City Market, kukayesa zovala. Munali atelala ena awiri, madoda a ndevu zaimvi, aliyense pa makina ake. Ine nditavala diresi loyera lodzaza mapini, ndinati, “Chipego, bwanji tiyeserere pompano gawo la ukwati lija, bambo ationere?”

Tinayeserera. Chipego anali atalemba zomwe ankazidziwa: kuvekana mphete, kulumbira, anthu kuimba nthungululu. Bambo aang’ono anachotsa mapini pakamwa.

“Nanga chimenechi n’chiyani? Ndowa simangidwa choncho.”

“Ndowa?” anafunsa Chipego. “Ya manzi?”

Madoda aja anaseka mpaka makina kuima.

“Ayi mwanawe, osati yotungira madzi. Ukwati. Taimani ndikuonetseni, mungakatichititse manyazi pamaso pa anthu.” Anakoleka tepi m’khosi. “Pafunika mwini mwana, ndiye ine ndilipo. Pafunika mboni ziwiri, si awa. Iwe Ayuba, khala apa. Mahari ali kuti? Mkazi satengedwa chimanjamanja.”

Ayuba anapisa m’matumba, napezamo tikiti ya minibasi yokha. Anavula wotchi yake n’kuiika pa tebulo lodulira nsalu.

Bambo aang’ono anamugwira dzanja. Chipego anakweza foni kuti ajambule, aziphunzirirapo.

“Iwe Shamsiya, ukulola?”

“Ndalola, bambo.”

“Ayuba, ndakukwatitsa mwana wanga Shamsiya pa mahari a wotchi iyi.”

“Manje nikambe chani?” ananong’ona Ayuba.

“Unene kuti ndalandira. Mokweza, mboni zimve.”

“Ndalandira!”

“Basi, ndowa ndi imeneyo. Zinazo ndi mpunga chabe.”

Tonse tinaomba m’manja. Ayuba anandipatsa wotchi ija akuseka, ndipo ine ndinaiwala kubweza.

4

Sewero linayenda bwino kuposa mmene tinkaganizira. Lachisanu madzulo holo inadzaza. Kunabwera amayi a ku Kabulonga onunkhira mafuta okwera mtengo, amene anandiombera m’manja chifukwa choyenda ndi mtsuko pamutu osaugwira. Kwathu zimenezo amachita mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo samuombera. Pa gawo lomaliza, pamene mwamuna uja ankandiponyera katundu panja, ndinamva munthu akufwenthera pa mpando wakutsogolo. Anali bambo aang’ono, misozi ili mbwee, akupukuta ndi kansalu kotsala.

Lolemba m’mawa foni inalira. Anali mayi, ku Nkhotakota. Sanandipatse ndi moni womwe.

“Wakwatiwa?”

“Ine mayi?”

“Usanditche mayi! Amake Latif abwera pano ndi kanema pa foni. Mudzi wonse waonera, ena kawiri. Apatse foni alamu angawo.”

Kanema wa ku shopu uja anali atafika kwa apongozi anga oyembekezera, kuchokera pa nambala ya ku Zambia yosadziwika. Pansi pake panalembedwa kuti: Funsani mashehe ngati ndowa iyi si yeniyeni. Ndipo mashehe a kwathu anali atagawikana kale pawiri.

Ndinamva mawu a mayi akutuluka mu foni ngati njuchi. “Alamu, ndinakupatsani mwana kuti mumuphunzitse, inu mwamugulitsa ndi wotchi? Mkulu wanu akanakhala moyo mukanachita zimenezi?”

Bambo aang’ono ankangoti, “Linali sewero, mlamu. Sewero.” Atatseka foni anakhala pa khonde tsiku lonse. Ku shopu sanapite. Munthu amene sindinamuonepo wopanda tepi m’khosi anakhala manja ali lende, ngati amulanda ndi mikono yomwe.

Madzulo Chipego anabwera kudzapepesa, ngakhale sankadziwa chimene akupepesera. Mayi aang’ono anamuchingamira pa geti.

“Wajambula ndiwe, watumiza ndiwe. Unaona kuti mnzako ali ndi banja lomudikira, zinakuwawa eti?”

“Ba mayo, nilumbile, ine ninatuma chabe ku gulu yathu ya sewelo. Shamsiya, kamba iwe! Unganiganizile so?”

Ndinali pa zenera. Ndinayang’ana pansi. Chipego anadikira pang’ono, kenako anatembenuka n’kumapita, nsapato zake zikugogoda msewu.

5

Lachinayi masana shehe wa mzikiti wathu anabwera ku Kabwata kudzaweruza. Anali munthu wamng’ono thupi, woyankhula pang’onopang’ono ngati akusankha mpunga. M’chipinda chochezera munali bambo aang’ono, atelala awiri aja, ndi Ayuba atakhala kumapeto kwa mpando, nkhope ili gwa. Ine ndi mayi aang’ono tinakhala pamkeka chakukhomo. Foni inaikidwa pa tebulo kuti mayi azimvera ali ku Nkhotakota.

Shehe anaonera kanema uja kawiri.

“Mwini mwana analipo. Mboni zinalipo. Mahari anaperekedwa. Mayina ndi enieni.” Anapukusa mutu. “A Hamid, munthu wamkulu ngati inu. Kodi ku madarasa sanakuuzeni kuti mawu a ukwati sadziwa nthabwala?”

Ndinaweramitsa mutu kuti asaone nkhope yanga.

“Komabe,” anapitiriza, “ndimve kaye. Seweroli linatha bwanji?”

Apa bambo aang’ono, ngakhale anali pa mlandu, maso anawala. “Shehe, mukanaona! Mnyamatayu anatulutsa sutikesi, n’kuiponya uko. Anthu onse zii. Ndiye anamuloza chala mwanayu...”

“Anati chiyani? Ayuba, bwereza.”

“Ninakamba kuti, Shamsiya, ndakusudzula, nyamula zako uzipita.”

“Pamaso pa anthu angati?”

“Holo inali yodzala, ba shehe.”

Shehe anatambasula manja. “Ndiye mwandiitaniranji? Chiphunzitso chomwe chimati ukwati sudziwa nthabwala, chimatinso talaka, kusudzula kumene, sidziwa nthabwala. Ngati mawu a m’sewero ndi mawu, mwanayu anakwatiwa Lachiwiri n’kusudzulidwa Lachisanu. Ngati si mawu, sanakwatiwepo. Njira zonse ziwiri, pano palibe mkazi wa munthu.”

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinangozindikira ndili chilili, mawu atatuluka kale.

“Koma talakayo inali ya sewero!”

Ngakhale foni ya ku Nkhotakota inakhala chete.

Shehe anandiyang’ana mwachifundo. “Nanga ndowayo, mwanawe, inali ya chiyani?”

Apa ndiye poti ndiulule, abale. Kanema uja ndinatumiza ndine. Ndinabwereka foni ya mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, ku City Market, ndikunamizira kuti yanga yatha moto. Dzina langa m’sewero sindinalisiyemo chifukwa chosatembenuka ayi. Ndinachita kumupempha Chipego. Tsiku loyesa zovala ndinasankha ndine, podziwa kuti Lachiwiri madoda awiri aja amakhalapo onse. Ndinkadziwanso kuti bambo aang’ono sangapirire kuona chinthu chikusokedwa mokhota, kaya ndi kolala kaya ndi ukwati. Chiphunzitso chija ndinachimva ndili mwana ku madarasa, ndipo ndinachisunga ngati mbewu. Kungoti ndinasunga theka lake. Tsiku lomwe mwalimu ankafotokoza theka linalo, ndiyesa ndinali kothamangitsa mbalame kumunda wa mpunga.

Sabata zitatu ndinayeserera gawo la kusudzulidwa lija. Ndinkachita kumuuza Ayuba kuti akweze mawu, anthu akumbuyo amve.

Zonsezi ndinazinena pamkeka paja, ndikulira. Mayi aang’ono anagwira pakamwa. Mmodzi wa atelala aja anayamba kutsokomola, koma ndikudziwa kuti chinali chiseko. Bambo aang’ono sanakalipe. Anangoti, “Ndiye ine unandiyesa singano, mwanawe. Ulusi unali wako.”

6

Loweruka ndinamupeza Ayuba pa mtondo paja. Sindinamuitane, naye sanandiitane. Miyendo inangozolowera.

“Ayuba, ndinachita mantha. Disembala anali pafupi, ndipo iwe sunkanena kanthu.”

Anayankhula Chichewa chija ndinamuphunzitsa, mosamala, ngati munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi.

“Mu Ogasiti ndinapita kwa bambo ako aang’ono, ine ndi amalume anga. Tinakufunsira.”

Ndinagwira chingwe chotchingira zinthu zakale chija.

“Anavomera. Anati pa tchuthi apita okha ku Nkhotakota, akakambe ndi mayi ako, akabweze chitomero mwaulemu, popanda wochita manyazi. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze mpaka akulu atamaliza. Anati nsalu sadula asanayeze.”

“Bwanji sunandinong’oneze ngakhale pang’ono?”

“Ndinalonjeza.” Anaseka pang’ono, koma sikunali kuseka. Chinyanja chake cha ku Chelstone chinabwerera. “Iwe unakonza vonse. Mboni, mahari, na foni ya salaula. Ba tata bako unabafunsa mochenjela, ba shehe ba ku Malawi unabafunsa. Munthu umozi chabe ndiye sunamufunse ngati afuna kukwatila.”

“Koma unkafuna!”

“Nenzofuna. Manje sinizaziba ngati ninalowa neka olo ninagwela mu msampha. Na mawa ukafuna chinthu, uzanilembela sewelo inangu?”

Ndinamasula wotchi ija m’kansalu momwe ndinaimanga, n’kumupatsa. Shehe anali atanena kuti ngati ndowa inalipo, mahari ndi a mkazi. Ngati panalibe, wotchi ibwerere kwawo.

Ayuba anaiyang’ana, koma manja anawasiya m’thumba.

“Sunga,” anatero. “Uzasankha weka kuti ni ya chani.”

Anatsika masitepe. Ine ndinatsala ndi mtondo, tonse awiri zinthu zoti anthu aziloza.

7

Akwawo kwa Latif anabweza mawu sabata yomweyo. Anati kaya anakwatiwa kaya sanakwatiwe, mtsikana wotha kukonza zoterezi angadzagulitse chigayo eni ake ali m’tulo. Choncho sukulu ndinapitiriza, ndipo unamwino ndinaupeza. Pamenepo pokha msampha wanga unagwira, ngakhale nyama yake ikanabwera yokha pakhomo.

Tchuthi cha Disembala chija anzanga a zisudzo anapita kukaona mathithi ku Livingstone. Ine mayi anati ndisaonekere ku Nkhotakota mpaka anthu atapeza nkhani ina. Ndinathera masabata anayi m’shopu, ndikusomeka mabatani pa mayunifolomu a sukulu. Bambo aang’ono anandiyankhulanso bwinobwino patapita masiku khumi, ndipo mawu awo oyamba anali akuti batani lina ndaika mokhota.

Kwa Chipego ndinapita ndekha ku Woodlands, ndinagwada pa khonde pamaso pa amayi ake. Anandisiya chogwada mpaka tiyi wake atatha. Kenako anati, “Nyamuka iwe. Koma ziba kuti nkhani iyi nizailemba sewelo, na zina yako sinizachinja.”

Ayuba anakwatira patapita zaka ziwiri, mtsikana wa ku Makeni dzina lake Alia. Diresi anasoka bambo aang’ono. Mabatani ake, makumi atatu ndi awiri kumsana, ndinasomeka ndine, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe linakhota.

Ndiye inu owerenga, makamaka atsikana anzanga amene mwaona kuti akulu akuchedwa ndipo mnyamata wangoti duu: sindikuuzani kuti muzingokhala chete podikira. Ndikanakhala chete osachita kanthu, mwina zikanayenda, mwinanso ayi. Chimene ndinalephera ine chinali chaching’ono kuposa pamenepo. Ndinatha kuima pamaso pa holo yodzaza ndi kunena mawu a eni, koma ndinalephera kuima pamaso pa anthu awiri ondikonda ndi kunena anga: bambo, Latif sindikumufuna, Ayuba, iwe ukuti bwanji? Mawu osakwana khumi. M’malo mwake ndinatunga madzi ndi ndowa yomwe ndinaiboola ndekha.

Za wotchiyi sindinasankhebe. Ndikati ndi mahari, ndiye kuti ndine mkazi wosudzulidwa amene banja lake linakhala masiku atatu. Ndikati si mahari, ndiye kuti ndakhala zaka zisanu ndi katundu wa mwamuna wa Alia. Imayenda bwino, sitaya ngakhale mphindi imodzi. Mwini wake nayenso sankachedwa. Ndine amene ndinkathamanga.